Jenereta ya M'boti: Yonyamula Kapena Yomangirira?

Alamu anga anagula boti chaka chatha. Si lalikulu ayi: mamita 7, injini ya Yamaha yopachika kumbuyo, ndi kachipinda kutsogolo komwe anthu awiri angagone atapinda miyendo. Limakhala ku Mangochi, ndipo iwo amalipitira kamodzi pamwezi, Lachisanu akaweruka ku Limbe. Loweruka lina anandipeza ku shedi kwanga ku Chirimba ndili mkati motsuka kabureta ya jenereta ya kasitomala, manja ali bii.

"Alamu, ndikufuna magetsi m'boti muja," anatero asanakhale n'komwe. "Ana akudandaula kutentha, mayi akunyumba akufuna ketulo. Ndaona kajenereta kabwino ku Ginnery Corner. Pansi pa mpando wakumbuyo pali bokosi, kakwanamo ndendende. Anyamata a ku Ndirande andiwotcherera paipi ya utsi, basi zatheka."

Ndinaika sipanala pansi. Mwa njira zonse zopezera magetsi m'boti, alamu anali atasankha yomwe imapha anthu. Ndipo sanaisankhe chifukwa chopusa. Munthu aliyense wa mu Blantyre amene anadutsa m'mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, amadziona ngati katswiri wa jenereta. Tinaphunzira kukoka chingwe, kusintha pulagi, kumanga kakhola kachitsulo kuseri kwa nyumba. Koma boti si nyumba. Kunyumba jenereta ili ndi bwalo lonse loti ipumire, ndipo moto ukabuka umathawira kwa aneba. Panyanja ulibe kothawira.

Majenereta a m'boti alipo a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwawo kwenikweni sikuli pa kukula kapena mtengo. Kuli pa chimene chimaziziritsa injini ndiponso komwe utsi umapita. Yonyamula ija, yokhala ngati sutikesi, imaziziritsidwa ndi mpweya. Mkati mwake muli fani imene imakoka mpweya wozizira mbali imodzi n'kutulutsa wotentha mbali inayo, ndipo ekizozi yake ndi kapaipi kafupi ngati chala. Anaipangira pabwalo. Mafuta ake ndi petulo, ndipo thanki ili pamwamba pa injini yotenthayo. Chitsanzo chodziwika ndi Honda EU22i: imalemera makilogalamu 21, imapereka mawati 1,800 mosalekeza ndi 2,200 kwa kanthawi kochepa, thanki yake ndi ya malita 3.6, ndipo mafutawo amatha maola atatu okha mukaisenzetsa katundu wonse koma amafika maola 8 katundu akakhala wochepa. Ndi ya mtundu wa inveta, kutanthauza kuti injini imathamanga kapena kudekha malinga ndi zimene mwalumikiza, ndipo magetsi ake ndi osalala, osaotcha laputopu kapena tchaja ya foni. Zija zachitsulo poyera zimene timaziona pa maukwati, zobangula ngati chigayo, musazilowetse n'komwe m'nkhaniyi. Pamadzi phokoso limayenda kutali, ndipo dzimbiri limazidya msanga.

Yomangirira ndi nyama ina. Makampani monga Cummins Onan, Westerbeke, Northern Lights ndi Fischer Panda amapanga majenereta oti azikhala pansi pa boti, m'chipinda cha injini, omangidwa ndi mabawuti pa timiyendo ta labala. Ambiri ndi a dizilo. Samadalira mpweya kuti azizire, amamwa madzi a m'nyanja momwemo. Pansi pa boti amaboola bowo n'kuikapo vavu. Madzi amalowa pamenepo, amadutsa pa sefa, pampu yokhala ndi kampira ka mapiko imawakankhira m'kachigawo kamene kamalanda kutentha kwa injini, kenako madzi omwewo amawathira m'paipi ya utsi. Utsi ndi madzi zimayendera limodzi mpaka kukalavulidwa kunja m'mbali mwa boti. N'chifukwa chake paipiyo imakhala ya labala koma osapsa, ndipo n'chifukwa chake mukaima pafupi ndi boti lotere mumangomva kuti phwa, phwa, phwa, m'malo mwa kubangula. Mafuta imamwa m'thanki yaikulu ya boti. Kuyatsa n'kungodina batani muli chigonere.

Pakati pa zomangirira palinso magulu awiri. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ma hertz 50, ndipo kuti jenereta itulutse ma hertz 50 iyenera kuzungulira ka 3,000 pamphindi kapena ka 1,500, malinga ndi mmene anakulungira mawaya mkati. Ya 3,000 ndi yaing'ono ndi yopepukirapo, koma imalira mokweza ndipo imakalamba msanga. Ya 1,500 ndi yolemera, yofatsa, yokhalitsa. Iliyonse mwa izi, ngakhale ya makilowati 4 kapena 5, mukaphatikiza bokosi lake lotseka phokoso, batire, mapaipi ndi mafuta, mwadutsa kale makilogalamu 100, ndipo zina zimayandikira 200. M'boti la alamu zimenezi zili ngati kukhazika amuna awiri onenepa kumbuyo amene sadzatsikanso. Chenjezo kwa oitanitsa katundu pa intaneti: za ku America zambiri ndi za mavoti 120, ma hertz 60. Ndaonapo munthu atalipira msonkho wonse n'kuzindikira mochedwa kuti palibe chipangizo chake chimodzi chimene chingayake.

Ndinawapatsa alamu pensulo ndi chikatoni cha oilo kuti alembe zonse zimene akufuna kuyatsa. Apa m'pamene anthu ambiri amadzidzimuka, chifukwa zinthu zimene amaziona ngati zazikulu zimadya pang'ono, ndipo zimene amaziderera ndiye mbava. Firiji ya m'boti ya mavoti 12 imakoka mawati 40 mpaka 60 ikamalira, ndipo siilira nthawi zonse. Mababu a LED, mafoni, wailesi, fani yaing'ono, zonse pamodzi sizifika mawati 150. Koma ketulo yokha imafuna pafupifupi 2,000. Chilichonse chotenthetsa, kaya ketulo, ayironi kapena mbaula ya magetsi, n'chimene chimaitanitsa jenereta. Ndipo tiyi yemweyo kasilinda ka gasi kamamuwiritsa pabwalo popanda phokoso.

Chimene chimasinthiratu masamu ndi eyakoni, makina oziziritsa chipinda aja. Yaing'ono ya m'boti imatha kudya mawati pafupifupi 1,000 ikamayenda, koma pa sekondi imene kompuresa, mota yake yaikulu, ikudzuka imakoka katatu mpaka kasanu kuposa pamenepo. Kajenereta ka 2,200 nthawi zambiri kamatsamwa pamenepo n'kuzima, pokhapokha mutaikapo kachipangizo kofewetsa kudzukako. Komanso eyakoni siifunika mphindi zisanu ngati ketulo. Imafunika usiku wonse, anthu ali m'tulo, zitseko zili zotseka. Sungani mawu amenewa, tiwabwerera.

Nambala yolembedwa pa bokosi musamaikhulupirire kwambiri. Ambiri amalemba kVA, osati makilowati, ndipo pa majenereta ambiri muyenera kuchulukitsa ndi 0.8 kuti mupeze mphamvu yeniyeni: kVA 5 ndi makilowati 4. Injini imafookanso mpweya ukapepuka, pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, nyanja ili chapansi pang'ono pa 500, ndiye jenereta yoyesedwa kuno imapezako mphamvu ikatsikira kunyanja, ngakhale kutentha kwa Mangochi mu Okutobala kumabwezanso ina. Ndipo pali zina zopanda dzina zimene ndinagulapo ndekha pa sitolo ina m'tauni muno, zolembedwa 3,000 ndi zilembo zofiira, koma zogwada ndi ketulo imodzi. Chikomekome cha mkuyu.

Tsopano nkhani ya utsi, imene ndi mutu wa zonse. Injini ya petulo imatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa Juni. Suoneka, sununkha. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, ndiye magazi amayenda thupi lonse atanyamula chiphe m'malo mwa moyo. Zizindikiro zake n'zonyenga: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka. Kunyanja aliyense anganene kuti ndi mafunde, kapena dzuwa, kapena mowa wa dzulo, ndipo Mmalawi aliyense amayamba waganiza malungo. Munthu amati ndikagone pang'ono, n'kukagona m'chipinda momwe muli chiphecho. Amene ali kale m'tulo samva ngakhale mutu kuwawa.

Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, CPSC, limanena kuti jenereta imodzi yonyamula ikhoza kutulutsa mpweya umenewu wofanana ndi wa magalimoto mazana, ndipo limalangiza kuti iziikidwa mamita 6 kutali ndi nyumba. Ndinawafunsa alamu kuti boti lawo ndi lalitali bwanji. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wamva. M'boti la mamita 7 mulibe malo amene ali mamita 6 kutali ndi pogona. Kuwonjezera apo, mphepo panyanja siikhazikika. Boti loima pa nangula limaloza mphuno komwe mphepo ikuchokera, ndipo utsi wa kumbuyo umauluzika n'kuchoka, zili bwino. Koma pakati pa usiku mphepo ikaleka, utsi umangotuwama pamwamba pa madzi n'kumakwawira m'boti. Mukamanga boti pa doko kapena pambali pa la mnzanu, mphepo ikhoza kuchokera kumbuyo n'kuukankhira m'chipinda. Ngakhale lona wotchinga dzuwa uja amakoka utsi n'kuusunga.

Zimene alamu ankafuna kuchita zinachitikapo kale, ndipo zinalembedwa bwinobwino. Pa 1 Epulo 2013, pa nyanja ya Windermere ku England, mayi ndi mwana wake wamkazi wa zaka 10 anafa m'boti lotchedwa Arniston. Mwini botilo anali atatenga jenereta yonyamula n'kuiika m'chipinda cha injini, n'kuipangira yekha paipi yotulutsira utsi kunja. Sanali mbuli ayi, ntchito yake inali ya mapaipi ndi gasi. Tsikulo kunkazizira, anayatsa jenereta kuti iyendetse hita, ndipo anthu anakagona masana. Ofufuza ngozi za m'madzi a ku Britain, a MAIB, anapeza kuti zolumikizira za paipiyo zinalephera ndi kutentha, utsi n'kudzaza pansi pa boti mpaka m'chipinda chogona. Zipangizo zochenjeza za mpweyawu zinali m'botimo koma sizinkagwira ntchito. Mu 2015 khoti linamupeza mwini botiyo wolakwa pa imfa ziwirizo.

Sindikunyoza anyamata a ku Ndirande, amene amatha kukuwotchererani chilichonse kuyambira geti mpaka ngolo. Vuto silili m'manja mwawo. Utsi wa injini yoziziritsidwa ndi mpweya umatuluka wouma ndi wotentha madigiri mazana angapo. Jenereta imanjenjemera, boti limadumpha pa mafunde, ndipo paipi yolimba yomangidwa pakati pa ziwirizi imang'aluka tsiku lina, pamalo pamene simuona. Ngakhale paipiyo itapirira, injini yotsekeredwa m'bokosi imapuma mpweya wake womwe wotentha, petulo m'thanki n'kuyamba kufufuma. Palibe njira yosandutsira yonyamula kukhala yomangirira. Ndalama zimene munthu amaganiza kuti wapulumutsa pamenepa si ndalama.

Musaganize kuti yomangirira ndiye yoyera. Mu Ogasiti 2000, pa nyanja ya Powell ku America, abale awiri a zaka 8 ndi 11 anamira akusambira kumbuyo kwa boti lokhala ngati nyumba. Jenereta yake ya petulo inali yomangirira, yoikidwa ndi fakitale, koma inkalavulira utsi pansi pa kathandala kotsikira m'madzi, pomwe ana amakonda kusewera. Imfa zimenezi zinachititsa kafukufuku wa NIOSH, bungwe la boma la America loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, amene anapeza kuti ngozi zoterezi zinali zitachitika kale zambiri pa nyanja yomweyo, ndipo analimbikitsa kuti utsi uzitulukira m'paipi yoimirira pamwamba pa denga. Dizilo amatulutsa carbon monoxide wochepa kwambiri poyerekeza ndi petulo, ndipo ichi n'chifukwa chachikulu chosankhira yomangirira ya dizilo ngati mudzagona ikulira. Koma wochepa si ziro. Paipi ya labala imakalamba, zomangira zimamasuka. Pamenepa ndinawauza alamu kuti agule alamu, tinaseka tonse, koma ndinkanenetsa: kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, kamodzi pogona, kena pokhala, ndipo muzikadina mwezi uliwonse kuona ngati kali moyo.

Petulo ali ndi tchimo lachiwiri. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi. Kunyumba ikatayika imayenderera pabwalo n'kumwazika. Boti ndi beseni: nthunzi imatsikira pansi penipeni n'kukhala pamenepo kudikira kamoto ka pampu yotulutsa madzi kapena waya womasuka pa batire. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kuzizire chotani, pamene dizilo amafunika atenthe kupitirira madigiri 50 kuti ayambe kutero. Ndiye lamulo la yonyamula ndi ili: pothira mafuta izime, izizire, ndipo ngati n'kotheka itsikire kumtunda. Kuthira petulo ndi fanulo m'boti lomwe likuvina, pamwamba pa injini yotentha, usiku ndi tochi ya foni m'kamwa, ndaziona ndi maso anga pa gombe lina ku Monkey Bay, ndipo ndinasuntha ana anga. Zigubu zizikhala pamwamba poyera, zomangidwa, osati m'bokosi lotseka. Amene boti lawo lili ndi injini ya petulo ya mkati, chilichonse cha magetsi choikidwa m'chipinda cha injinicho chiyenera kukhala chotsekedwa mwapadera kuti chisathethetse moto, ndipo fani yotulutsa nthunzi iziyamba yalira mphindi zinayi musanayatse kanthu.

Pali ngozi ina imene ngakhale anzanga a magetsi ambiri saidziwa, chifukwa timazolowera nyumba. Magetsi a mavoti 230 akadontha m'madzi, madzi opanda mchere ngati a nyanja yathu ndi oopsa kuposa a m'nyanja ya mchere. Zikumveka zopotoka, koma chifukwa chake n'chosavuta. Madzi a mchere amanyamula magetsi bwino kuposa thupi la munthu, ndiye magetsi amamulambalala wosambira. Madzi opanda mchere sanyamula bwino, ndiye thupi la munthu, lomwe lili ndi mchere wake, limasanduka njira yachidule. Mphamvu yochepa kwambiri ndi yokwanira kuumitsa manja ndi miyendo, munthu n'kumira chete, anthu n'kumati anatopa kapena anagwidwa ndi chinachake pansi. Chotero waya aliyense wa mavoti 230 m'boti adutse pa swichi yodula yokha magetsi akadontha, ya mamiliampu 30, imene amaitcha RCD. Koma apa pali msampha. Majenereta ambiri onyamula sanalumikize waya wa nyutulo (wobwerera magetsi) ndi wa efi (wachitetezo, wopita kunthaka) mkati mwawo, ndipo popanda kulumikizako swichi ija ikhoza kukhala phee pamene inayenera kudula. Izi zimafuna munthu wodziwa, wokhala ndi mita m'manja, ayese. Ndipo jenereta ikamalira, mtundu uliwonse, pasakhale wosambira pafupi ndi boti. Amene amalumikizanso boti ku magetsi a pa doko afunika swichi yosinthira ngati ya kunyumba ija, kuti magetsi awiriwa asakumane.

Tiyerekeze kuti boti lanu ndi lalikulu, la dizilo, la zipinda zenizeni, ndipo mwasankha yomangirira. Walira mvula walira matope. Mtengo wogulira ndi kangapo kuposa wa yonyamula yabwino, ndipo kuiika ndi ntchito ina payokha: boti lituluke m'madzi, liboledwe, paipi ya madzi ikwezedwe pamwamba pa mzere wa madzi n'kuikidwa kavavu koletsa kuti nyanja isadzikokere yokha m'injini. Akalakwitsa pamenepo, madzi amabwerera kudzera ku ekizozi n'kudzaza masilinda usiku boti lili chiimire. Ngakhale yoikidwa bwino, mukaiguguza nthawi yaitali osayaka, pampu imapitiriza kuthira madzi m'paipi popanda utsi wowakankha, mapeto ake amalowa m'injini. Madzi sapanikizika. Pisitoni ikawapeza, chimene chimapindika ndi chitsulo.

Ndinaitanidwapo ku boti lotere chakumtunda kwa Liwonde, pa Shire. Jenereta inkayaka, mphindi khumi n'kuzima yokha. Mwini wake anali atasintha kale sefa ya dizilo kawiri. Nditamvetsera kumbali kwa boti, phwa phwa uja panalibe, utsi unkatuluka wouma. Titatsegula sefa ya madzi tinapeza yadzaza thothotho ndi mizu ya namasupuni ndi kajumbo ka buluu. Kampira ka pampu, kamene kamafewetsedwa ndi madzi omwe kakukankhawo, kanali katazungulira kouma mpaka mapiko atatu kuthothoka, ndipo tinatha masana onse tikusaka tizidutswato m'mapaipi, chifukwa kamodzi kakatsalira kamatseka njira. Kampirako kamakwana m'dzanja. Kanalibe m'sitolo iliyonse imene tinafunsa, ndipo boti linadikira milungu kuti kachokere ku Johannesburg. Amene akugula yomangirira agule timipira tiwiri tapadera tsiku lomwelo, ndi malamba, ndi masefa, chifukwa ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, sipeya yaing'ono imatha kuimitsa boti nyengo yathunthu. Ndipo makaniko ndi amene amapita kwa jenereta, osati jenereta kwa makaniko: makilomita pafupifupi 190 kuchoka kuno kukafika ku Mangochi, mafuta ndi malo ogona zili pa inu.

Dizilo amadananso ndi ulesi. Jenereta ya makilowati 6 imene ntchito yake ndi kutchaja mafoni ndi kuyatsa firiji siitentha mokwanira, mafuta sapsa onse, mwaye umamatirira mkati, ekizozi n'kuyamba kudontha zakuda. Anthu amagula yaikulu poganiza kuti akuisungira mphamvu, chonsecho akuipha pang'onopang'ono. Imafuna katundu wosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Chabwino chimodzi n'chakuti madzi athu alibe mchere, ndiye zitsulo sizidyeka ngati za ku Beira kapena Durban.

Yonyamula mavuto ake ndi ena, ndipo ambiri ndimawaona pa tebulo langa Lolemba lililonse. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, zimene dziko lino linayamba mu 1982 ku Dwangwa. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo kajenereta kosiyidwa kunyanja mwezi wathunthu ndi petulo m'kabureta kamadzapezeka timabowo take tatsekeka ndi zomata zobiriwira. Mankhwala ake ndi aulere: pomaliza ulendo tsekani mafuta, isiyeni ilire mpaka izime yokha, kapena masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta mafuta atuluke. Siinapangidwenso kuti inyowe. Mwera ukayamba, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, nyanja imasintha nkhope m'kanthawi kochepa, ndipo chinthu cha makilogalamu 21 chosamangidwa chimauluka n'kuthyola mwendo wa munthu kapena kugwera m'madzi. Poyenda izikhala yozima, yozizira, yomangidwa ndi malamba, kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki kali kotseka. Ndipo chimene chimanyamulika ndi mwini wake chimanyamulikanso ndi wakuba.

Komabe ili ndi ubwino umene munthu wa mu Blantyre sangaupeputse. Lamlungu madzulo imalowa m'buti, Lolemba ikuyatsa firiji ku Namiwawa magetsi akazima. Ikadwala imabwera yokha kwa ine. Ikafa, mwataya ndalama zopiririka. Ndipo njira yabwino koposa yoigwiritsira ntchito siili m'boti n'komwe: ambiri mwa ife tikapita kunyanja timakocheza pa mchenga, kuotcha chambo, kugona kumtunda. Jenereta itsike, ikhale pa mchenga kumunsi kwa mphepo, kutali ndi matenti, waya wabwino wokhuthala apite ku tchaja ya mabatire osakhudza madzi. Maola awiri masana, anthu onse ali maso, mabatire adzaza, izime. Usiku ukhale wa mabatire. Kumalo ngati Cape Maclear, mkati mwa paki imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, anzanu anapitira kukamva madzi ndi nkhwazi, osati injini yanu.

Titabwerera ku chikatoni cha alamu n'kufufuta ketulo, chotsala chinali chochepa moti funso la jenereta linayamba kuchita manyazi. Firiji, mafani awiri, magetsi ndi mafoni zinkafuna mawati-ola (mawati kuchulukitsa ndi maola amene chinthu chayaka) osapitirira 1,000 patsiku. Sola ya mawati 200 padenga, ndi dzuwa la ku Mangochi, imabweza pafupifupi omwewo tsiku lowala. Batire la ma amp-ola 100 pa mavoti 12 limasunga mawati-ola 1,200, ngakhale la mtovu muyenera kungodyako theka kuti likhalitse, pamene la lithium limalola kulikama pafupifupi lonse. Injini ya Yamaha ija nayonso imatchaja ikamayenda. Asodzi ambiri a usipa anasiya kale nyali za parafini, akuwedza usiku wonse ndi mababu a batire, ife a m'tauni ndi amene tikuganizabe kuti magetsi ndi phokoso.

Ndiye ine ndimafunsa zinthu ziwiri munthu akabwera ndi nkhaniyi. Kodi pali chimene chiyenera kuyaka anthu ali m'tulo, chomwe mabatire sangachikwanitse? Ndipo kodi boti lanu limamwa chiyani? Ngati yankho ndi eyakoni usiku wonse, m'boti lalikulu la dizilo lokhala ndi chipinda cha injini chenicheni, gulani yomangirira ya dizilo, iikidwe ndi munthu amene anaikapo zina, ndipo muvomereze matope ake. Boti la injini yopachika ya petulo lingafunike thanki yachiwiri ya dizilo, bowo pansi, ndi malo amene lilibe, ndiye kwa ine yomangirira m'boti lotere ndi kuvala jekete la wina. Ngati eyakoni mukuifunabe m'boti laling'ono, yankho langa ndi loti kagoneni ku loji. Alamu sanakondwe nalo yankho limeneli.

"Ndiye bokosi lija ndiikemo chiyani, alamu?"

"Majekete opulumutsira ana."

Anagula sola, mabatire awiri ndi kasilinda ka gasi. Kajenereta ka ku Ginnery Corner anakagulabe, chifukwa munthu akaika mtima pa chinthu sungamuchotse, koma kamakhala m'galaja ku Limbe ndipo kamapita kunyanja pa maulendo ataliatali okha. Mwezi watha anakabweretsa ku shedi kakukana kuyaka. Nditatsegula kabureta ndinapeza zobiriwira zija.